Katsabola ndi Kiyi Wamkulu

1. Manja a Sopo

Dzina lakuti Katsabola silinangobwera lokha. Mtsikanayu anali wamfupi, wochepa thupi, koma ukamuputa unkalira ndi maso onse awiri. Atamaliza sekondale anapeza malo ophunzirira ntchito pa kampani ina yaing'ono yopanga mapulogalamu a pa intaneti, ndipo dzinali linafika kumeneko mwiniwake asanalitchule n'komwe.

Kunyumba anali atatu: iye, amayi ake, ndi mlongo wake wamng'ono amene aliyense ankamuitana kuti Goloboyi. Mnyamatayu mpira unamulowa m'magazi. Ngakhale amayi akamuponyera kansanza kuti apukute patebulo, ankakawakha chodumpha ngati akupulumutsa chigoli.

Goloboyi ankasewera mu timu ya a Kapusi, bambo wamimba yaikulu amene chipewa chawo sichinkachoka kumutu, kaya ndi paukwati kaya ndi pamaliro. A Kapusi anali kochi, komanso anali ndi mpando mu komiti ya ligi ya achinyamata, ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo.

Tsiku lina bwalo litadzaza, mpira wonyowa unapulumuka m'manja mwa Goloboyi n'kulowa m'golo. Zimachitika, abale. Koma a Kapusi sanadikire n'komwe kuti masewero athe. Anamuitanira pambali, anamuvula jezi anthu onse akuona, n'kuveka mwana wa mlamu wawo. Kenaka anakweza manja a mnyamatayo m'mwamba n'kuuza anthu kuti aone manja a sopo.

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Goloboyi anayenda ulendo wonse wakunyumba chifuwa chili pamtunda, tiana tikumulondola pambuyo ndi kanyimbo ka Sopo, Sopo. Katsabola ankabwera kumbuyo atamunyamulira nsapato. Sanalire, sanatukwane, ndipo amayi ake anachita mantha ndi kukhala chete kumeneko.

Amene anamutola mnyamatayo ndi a Masamu, mphunzitsi wa pasukulu pake, amene anali ndi katimu kawo kosauka koma kolimbikira. Vuto linali lamulo la ligi. Wosewera sankalembedwa ku timu yatsopano yakale isanamumasule, ndipo a Kapusi anazengereza dala. Lero akuti atanganidwa, mawa akuti foni inathera moto. Anadzamumasula Lachinayi madzulo, akudziwa bwino lomwe kuti kalembera wa osewera amatsekeka Lachisanu dzuwa likamalowa.

Mpikisano wa chaka chimenecho sunali wamasewera. Kunkabwera akuluakulu a sukulu ya mpira kudzasankha ana, ndipo kwa Goloboyi chinali chaka chomaliza, chifukwa chaka chotsatira zaka zake zikanapitirira malire. Dzina lake likanapanda kulowa Lachisanu limenelo, basi, mwayi ukanamupita. A Masamu anamulonjeza kuti amulembetsa masana akangoweruka kusukulu.

2. Chenjezo la a Madala

Tsono taonani mmene zinthu zimakumanirana. Pulogalamu imene ligi inkalemberamo osewera inapangidwa ndi kampani yomweyo ya Katsabola. Ofesi yake inali chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo ya matayala, muli matebulo ochepa, fani yolira ngati ili ndi chifuwa, ndi bolodi yoyera yodzaza mabokosi ndi mivi.

Mwini kampaniyo anali a Madala, bambo wa imvi amene anayamba ntchitoyi makompyuta adakali aakulu ngati makabati. Lachisanu limenelo ankapita kuchipatala ku opaleshoni ya diso, ndipo antchito ena anali atatumidwa kutali kukaika pulogalamu ina. Mu ofesi munkatsala Katsabola yekha.

Kufikira tsikulo, iye ankagwira ntchito pa pulogalamu yoyeserera, mmene osewera ake anali ongopeka, ndipo ukalakwitsa panalibe wolira. M'mawa umenewo a Madala anamutsegulira yeniyeni. Anamupatsa chimene paofesipo ankachitcha kiyi wamkulu, kutanthauza chilolezo cha woyang'anira, chimene chimatsegula tsamba lililonse ndi kusintha chilichonse. Anamusiyiranso foni ya ofesi, imene makochi ankaimbapo akakumana ndi vuto.

Asanatuluke anakoka mpando n'kukhala naye pafupi.

"Mwana wanga, tchera khutu, chifukwa lero ndikangogona pabedi la adokotala foni yanga izimitsidwa. Kiyi ndakupatsayu si mphoto ayi, ndi katundu. Pantchito yathu ino munthu timamupatsa chilolezo chongokwanira ntchito yake. Si kuti timamukayikira, koma aliyense ali ndi tsiku limene mutu wake suyenda bwino. Ngakhale ine amene ndinamanga nyumba imeneyi, sindiyendamo ndi kiyi wamkulu tsiku ndi tsiku. Ndimamutenga pakakhala chifukwa, ndikatha ndimamubweza.

"Chachiwiri ndanena kangapo, koma ndibwereza. Muno chilolezo sitichipachika pa munthu, timachipachika pa udindo. Pali udindo wa kochi, wa woyimbira, wa komiti, wa kholo. Munthu amangouvala udindowo ngati jezi. Ukang'amba mkono wa jezi ya makochi, dziwa kuti wang'ambira kochi aliyense. Ndiye lero ntchito yako ndi imodzi yokha. Munthu akaiwala mawu ake achinsinsi, muthandize. Zina zonse uzingoziona ndi maso. Ukakayika, usakhudze, udikire ndibwere. Safunsa anadya phula."

Katsabola ankangogwedeza mutu, eya Madala, ndamva Madala. Koma kunena zoona, makutu ake anaima pa mawu aja akuti kiyi wamkulu. Zotsalazo anazimva ngati wailesi ya kwa aneba.

A Madala atafika pakhomo anatembenuka, chifukwa nkhani ya manja a sopo ankaidziwa.

"Ndikudziwa kuti mmenemo muli munthu amene anakulakwirani. Mkwiyo wako ndi womveka, sindikuutsutsa. Koma makolo anatipatsa mayina a ana awo pokhulupirira kuti ife tilibe mbali. Tsiku limene udzatenge kiyi wa kuntchito kukaweruzira mlandu wa kunyumba, udzakhala a Kapusi achiwiri, kungoti iwe wopanda chipewa."

Anaseka pang'ono n'kutsika masitepe atagwira khoma.

3. Kabokosi Kamodzi

M'mawa wonse Katsabola anali mwana wabwino. Woyimbira wina anaiwala mawu ake achinsinsi, iye anamuthandiza. Mayi wina ankafuna kuona tsiku limene mwana wake adzasewere, anamulongosolera mwaulemu. Zikanatha choncho, bwenzi palibe nkhani.

Chakumasana foni ya ofesi inalira, ndipo mawu ake anawazindikira asanamalize moni. Anali a Kapusi. Iwo sanadziwe kuti akulankhula ndi yani. Anamutcha kamtsikana ka pafoni, n'kufunsa ngati makina awo ali bwino, chifukwa timu yawo ailembetsa madzulo kubwalo. Akatswiri, anatero, amalowa pomaliza. Kenaka anadandaula kuti ligi yalowa pansi, poti masiku ano ngakhale a manja a sopo akufuna kulembetsa. Anaseka okha n'kudula foni osatsanzika.

Katsabola anaika foniyo patebulo. Mtima unamuwira. Mkwiyo umene anausunga kuyambira tsiku lija lakubwalo unasefukira, ndipo anafunitsitsa kuti bambo ameneyu alawe zimene analawitsa mlongo wake, pamaso pa anthu, chipewa chili kumutu.

Anatsegula tsamba lawo. Chithunzi chinatuluka, chipewa ndi masaya onse. Pansi pa dzina panali mawu awiri, kochi ndi komiti. Iye anadina pa kochi. Panatuluka timabokosi tandandanda, kalikonse kali ndi kachizindikiro kosonyeza zimene kochi amaloledwa kuchita: kuona osewera, kuona masiku a masewero, kulembetsa osewera.

Anayang'ana kabokosi komalizako n'kumwetulira koyamba pa masabata ambiri. Nzeru yake inali yachidule. Achotse kachizindikiroko tsopano, dzuwa likalowa akabwezeretse. A Kapusi aphonye kalembera, timu yawo yonse ikhale pansi, makolo awazinge. Zoti mu timu imeneyo munalinso ana osalakwa sanaziganizire, ndipo akanaziganizira mwina sakanasamala.

Anadina. Pasikirini panadumpha bokosi lachikasu lokhala ndi mawu ambirimbiri, ndi nambala ina pakati pake, nambala yaikulu ndithu. Pansi panali mabatani awiri, Inde ndi Ayi. Musamuloze chala yekha, tonse timadina Inde osawerenga. Naye anachita zomwezo.

Kenaka anakumbukira kuti a Kapusi akalephera adzaimba foni, ndipo iye adzakakamizika kuwathandiza. Anatseka kulira kwa foni ya ofesi n'kuiponya pansi pa chikwama. Yakenso anaizimitsa, poopa kuti angapeze nambala yake. Anakhoma ofesi, anauza wamatayala pansipo kuti wapita kukadya, n'kukwera basi yopita kubwalo. Ankafuna kudzionera yekha ndi maso ake.

4. Kubwalo

Anakhala pakhoma logumuka kuseri kwa golo, pamalo pomwe anaima tsiku lija. Anadikira nthawi yaitali, dzuwa likumuwotcha, koma sanadandaule. Anali ngati munthu amene wagula tikiti ya masewero abwino.

Dzuwa litapendeka a Kapusi anatulukira, anyamata awo akuwanyamulira thumba la majezi atsopano. Anakhala pabenchi, anatulutsa foni yawo yaikulu, n'kuuza anyamata kuti afole. Katsabola anakoka mpweya. Ankadikira kuona nkhope ija ikusintha, chala chikugogoda pagalasi, thukuta likutsika pansi pa chipewa.

A Kapusi anadina, anaitana dzina, n'kupereka jezi. Anadinanso, dzina lina, jezi ina. Mzera unkafupika, ndipo bamboyo ankangoimba mluzu. Mwana wa mlamu wawo analandira jezi ya goloboyi anzake akuwomba m'manja.

Katsabola anasokonezeka. Kodi kachizindikiro kaja sikanachoke? Ali mkati modzifunsa, foni ya a Kapusi inalira. Anaiyang'ana, anaseka, n'kuyankha mokweza kuti bwalo lonse limve.

"Aphunzitsi, ine ndine wa komiti inde, ndipo ndingathe kukulemberani mwanayo pompano. Koma malamulo ndi malamulo. Kochi aliyense azilembetsa ana ake. Ngati makina akukukanani, ndiye kuti nawonso amudziwa Sopo."

Mawu akuti aphunzitsi anamukumbutsa Katsabola za a Masamu. Anayatsa foni yake mwachangu. Inayamba kulira mosalekeza, uthenga pamwamba pa uthenga, wonse wochokera kwa Goloboyi. Achemwali muli kuti. Achemwali zikukana. Achemwali chonde yankhani.

Anathamanga. Basi yoyamba inadutsa yodzaza, yachiwiri inkaima paliponse kudikira anthu. Anatsika panjira n'kumaliza ulendo ndi miyendo, nsapato zili m'manja. Pamene ankakwera masitepe a ofesi, wamatayala anali akulowetsa katundu, ndipo kumwamba kunali kutafiira kale.

Anatsegula kompyuta, anabwerera pa kabokosi kaja n'kudina. Bokosi lachikasu linadumphanso, ndipo ulendo uno analiwerenga mpaka kumapeto. Linkanena momveka bwino kuti kusinthaku si kwa munthu mmodzi, kukhudza aliyense amene ali ndi udindo wa kochi. Nambala ija inali ya makochi onse a mu ligi, a Masamu ali momwemo.

Apa ndi pamene anamvetsa zonse. Anang'amba jezi ya makochi, koma a Kapusi anali atavala majezi awiri. Ya kochi itawakana, ya komiti inawatsegulira khomo, moti sanadziwe n'komwe kuti panali msampha. Makochi ena anali atalembetsa kale masiku apitawo. Amene anagwa mumsamphamo ndi munthu mmodzi yekha amene anakakamizika kudikira tsiku lomaliza.

Anabwezeretsa kachizindikiroko n'kuthamangira ku tsamba la kalembera kuti amulembe yekha mlongo wake. Tsambalo linali litatseka lokha pa nthawi yake, ndipo mayina onse anali atatumizidwa kale ku bungwe lalikulu la mpira. Kumeneko kiyi wamkulu analibe mphamvu. Anafufuza dzina la Goloboyi kawiri katatu, koma munalibe.

5. Pempho la Goloboyi

Atafika kunyumba anapeza a Masamu atakhala pakhonde, choko chidakali m'manja mwa malaya awo. Amayi anali pambali pawo. Goloboyi anakhala pansi atatsamira khoma, magolovesi ake ali pamiyendo.

A Masamu anafotokoza mwaulemu, ngati kuti olakwa ndi iwo. Anati anayesa masana onse, koma nthawi iliyonse pankatuluka mawu akuti mulibe chilolezo chochita zimenezi. Anayesa pafoni, anayesa pakompyuta ya kusukulu, zomwezo. Anaimba ku ofesi, osayankhidwa. Anapita okha ndi mnyamatayo mpaka kumeneko, n'kupeza kokhoma. Pomaliza anameza manyazi n'kuimbira a komiti, koma amene anali pantchito tsikulo anali a Kapusi. Anapepesa kwa amayi, anasisita Goloboyi kumutu, n'kunyamuka akuyang'ana pansi.

Amayi anamufunsa Katsabola kuti foni yake inatani tsiku lonse. Iye anayankha kuti inathera moto. Atangotero anakumbukira kumene anawamva koyamba mawu amenewa, ndipo anachita manyazi moti anakhala pansi osafuna.

Goloboyi sankalira. Ankangopinda ndi kutambasula zala za golovesi. Anati iye akudziwa kuti si makina anachita zimenezi, makina sadana ndi munthu. Pali wina anatseka khomolo dala, ndipo kaya ndi a Kapusi kaya ndi munthu wawo, adzamuona. Mawu ake anali otsika, ndipo ndi zimene zinawaopsa amayi. Anamugwira phewa.

"Mwana wanga, ndione kuno. Zimene akuchitirazi zandipweteka kuposa mmene zakupwetekera iwe, chifukwa ndine ndinkachapa jezi ija. Koma usalole kuti munthu akulande mpira n'kukulandanso mtima. Wobwezera amaponya mwala maso ali ndi misozi, ndipo mwala woterowo sufika kumene waulozetsa. Umagwera amene waima pafupi, ndipo amene amaima pafupi ndi iwe ndi abale ako, si adani ako. Ndaona mabanja akutha chifukwa cha munthu mmodzi amene ankati akumenyera nkhondo anzake. Tengera chitsanzo kwa achemwali akowa. Dzina lawo ndi Katsabola, koma tsiku lija kubwalo anaugwira mtima, mpaka lero sanachite kanthu."

Katsabola anafuna kuti pansi patseguke alowemo.

Amayi atalowa m'nyumba, Goloboyi anasendera pafupi. Anamuyang'ana ndi maso omwe ankamuyang'ana nawo ali mwana, pamene ankakhulupirira kuti achemwali ake angathe kukonza chilichonse. Anamukumbutsa zimene iye yemwe anamuuza tsiku lina monyadira, kuti mu pulogalamu yawo palibe amene amakhudza kanthu osasiya mapazi.

"Achemwali, ine sindinakupempheniko chinthu chachikulu. Mawa mukatsegule kompyuta yanu mundipezere dzina la munthu ameneyu. Dzina lokha basi. Zinazo mundisiyire."

Anaika golovesi imodzi m'manja mwa Katsabola n'kumufumbatitsa, ngati kuti pangano latha.

Nthawi yomweyo m'chikwama munawala. Foni ya ofesi sinalire, chifukwa iye yemwe anaitseka pakamwa, koma kuwala kwake kunkaonekera pansalu. Goloboyi ndiye anayamba kukuona. Anapisa dzanja, anaitulutsa, n'kuima kanthawi akuyang'ana mzera wautali wa mafoni osayankhidwa, ambiri a iwo ochokera pa nambala ya a Masamu.

Kenaka anamupatsa foniyo pang'onopang'ono, maso ake osachoka pankhope ya mlongo wake.

"Ndi a Madala," anatero. "Yankhani, achemwali. Ine ndimvera pompano."